Masters yolowera udokotala ku America: musanagulitse puloti, tamvani kaye

Uthengawo unalowa pa WhatsApp cha m'ma 3 koloko usiku kuno ku Indiana, kumudzi dzuwa litakwera kale. Anali msuweni wanga wa ku Zomba, mnyamata wanzeru zake yemwe wangomaliza kumene digiri ya sayansi. Ananditumizira chithunzi chomwe anachipeza pa Facebook: mtsikana wavala choyera cha madokotala, kachipangizo komvera mtima kali m'khosi, mano onse panja. M'munsi mwake analembamo kuti ukaphunzira masters ya Biomedical Sciences kwa chaka chimodzi, njira ya kusukulu ya udokotala yatseguka.

"Asisi, mesa ndi yomwe munapanga inuyo imeneyi? Ingondiponyerani linki basi. Madala akuti zikatheka agulitsa puloti ya ku Matawale ija."

Tulo tinathera pomwepo. Puloti imeneyo ndimaidziwa. Amalume anaigula ndi ndalama zomwe analandira popuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo njerwa zomwe anaotcha zaka zitatu zapitazo zikadali pompo, zikudikira simenti.

Ndinamuyankha ndi mawu ojambula, mphindi 11 zathunthu, mpaka anadandaula kuti ndamuthera bandulo. Koma poti iye si woyamba kundifunsa, ndiponso malonda omwewa akudutsa pa mafoni a ambiri a inu, ndati ndilembe pano kuti tonse timvere limodzi.

N'zoona, masters imeneyi ndinaipanga. N'zoonanso kuti lero ndili m'chaka chachiwiri kusukulu ya udokotala. Zomwe chithunzi chija sichikunena ndi zoti maphunziro amenewa anawapangira ndani, ndipo amene sanawapangire zimamuthera bwanji.

Kwathu, mwana akakhoza bwino MSCE n'kusankhidwa kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ena mpaka lero amangoti College of Medicine, amapanga chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za MBBS. Amalowa ali kamwana, amatuluka ali dokotala. Kuno si choncho. Udokotala ndi digiri yachiwiri. Uyambe wapanga digiri ya zaka 4, ya chilichonse chomwe ukufuna, kaya ya mbiri yakale kaya ya zoimbaimba, bola m'katimo utengemo biology, chemistry, organic chemistry ndi physics, zonse ndi labu yake. Ukatero ulembe mayeso otchedwa MCAT, kenako ukapikisane. Ukalowa ndi zaka zina 4, ndipo ukatuluka pali maphunziro a pantchito m'chipatala, omwe amati residency, a zaka 3 mpaka 7 kutengera mbali yomwe wasankha.

Njirayi si yachilendo kwa Amalawi. Dr Hastings Kamuzu Banda anadutsa momwemu: digiri yoyamba ku University of Chicago mu 1931, udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville mu 1937. Iye asanafike, Dr Daniel Malekebu anali atamaliza kale pa Meharry pomwepo mu 1917.

MCAT ndi mayeso a tsiku lonse, maola oposa 7 uli pakompyuta. Ali ndi zigawo zinayi, ndipo malikisi ake amayambira 472 kulekeza 528, pakatikati ndi 500. Omwe amalowadi m'masukulu opereka digiri ya MD amakhala ndi 511 kapena 512 tikawaphatikiza onse. Malikisi a digiri yawo yoyamba, omwe kuno amati GPA ndipo apamwamba kwambiri ndi 4.0, amakhala cha m'ma 3.7 kapena 3.8. Chaka chilichonse anthu oposa 50,000 amafunsira malo, olowa amakhala pafupifupi 23,000. Ndiye kuti oposa theka amatsala panja, ndipo ambiri mwa otsalawo si mbuli ayi, ndi ana oti kusekondale ankatenga nambala wani.

Masters ija anaipangira otsala panjawa. Kuno amaitchula Special Master's Program, mwachidule SMP. Yakale kwambiri ndi ya ku Georgetown University ku Washington, yomwe inayamba mu 1975, ndipo pano zilipo zambiri, monga ya ku Boston University ndi ya ku Tufts. Mayina amasiyana, ena amati Medical Sciences, ena Physiology, ena Biomedical Sciences, koma ganizo lake ndi limodzi. Amakutenga iwe amene digiri yako yoyamba inatsimphina, n'kukupatsa maphunziro olemera ngati a chaka choyamba cha udokotala. M'masukulu ena umakhala m'kalasi imodzi ndi ophunzira udokotala enieni, mphunzitsi yemweyo, mayeso omwewo. Ukakhoza, umakhala ndi umboni woti katunduyu ungamusenze.

Ineyo ndinali mmodzi wa otsala panja. Ndinabwera kuno ndili ndi zaka 16, kutsatira amayi, ndipo ndinali ndi green card. Mfundo ya green card imeneyi muisunge, tibwererakonso. Ku yunivesite masana ndinali m'kalasi, usiku ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ntchito yomwe Amalawi ambiri kuno amaidziwa bwino, kusambitsa agogo a eni ake, kuwatembenuza pabedi, kuwamwetsa. Organic chemistry ndinkaiwerenga m'bandakucha maso ali psuu. Ndinapeza C. Pomaliza digiri GPA yanga inali 3.2, MCAT ndinapeza 505. Ndinafunsira malo m'masukulu 15. Palibe ngakhale imodzi yomwe inandiitana ku intavyu. Makalata okana ankalowa pa imelo limodzilimodzi kuyambira Okutobala mpaka Malichi, onse aulemu, onse ondifunira zabwino. Amayi anasiya kufunsa, ankangondiyang'ana kumaso ndikamatsika masitepe.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachedwa kuchimvetsa. Masters sifufuta malikisi a digiri yoyamba. Pafomu yaikulu yofunsira malo, yomwe imadutsa ku AMCAS, malikisi a digiri yoyamba amakhala pamzere wake, a masters pamzere wakenso. Ka 3.2 kanga kaja kadakali pompo mpaka lero. Chomwe masters imachita ndi kuwauza osankha kuti, munthu uyu kale anapunthwa, koma taonani zomwe wachita posachedwapa pamaphunziro ovuta kuposa aja. Ena amamva, ena samva.

Tsopano za kalowedwe kake, poti n'zomwe msuweni wanga amafuna. Masukulu ambiri amafuna digiri yoyamba yokhala ndi maphunziro a sayansi aja, GPA yosatsika pa 3.0 kapena kufupi ndi pamenepo, malikisi a MCAT (ena amalandira GRE, ena safuna mayeso alionse), makalata awiri kapena atatu a aphunzitsi okuchitira umboni, ndi chikalata chako chofotokoza chifukwa chomwe ukufunira udokotala komanso chomwe chinakugwetsa. Ambiri amalandira anthu motsatana ndi momwe mafomu akufikira, ndiye wofulumira ndi amene amapeza malo. Ena amangoti titumizireni fomu yomweyo ya AMCAS imene anakukanirani ija.

Pachikalata chofotokoza chija ndinalakwitsa koyamba. Ndinalemba masamba odzaza ndi madandaulo, za ntchito ya usiku, za ndalama zotumiza kumudzi, za kuzizira. Mphunzitsi wanga wa biochemistry atawerenga anandibwezera n'kunena kuti akumva chisoni koma sakuona chifukwa chondilandirira. Ndinalembanso. Ulendo uno ndinanena mwachidule kuti ndinagwa chifukwa ndinkagwira ntchito maola 36 pa sabata, kuti chaka chomaliza nditachepetsa ntchito malikisi anakwera, ndi kuti ndakonza zoti chaka cha masters ndisagwire ntchito konse. Basi.

Ndinatumiza mafomu anayi. Pasanathe miyezi iwiri masukulu atatu anali atandilandira. Amayi anayimba nthungululu m'khitchini mpaka aneba anagogoda khoma. Ine nanenso ndinasangalala, koma pambuyo pake ndinadzifunsa: masukulu 15 andikana osandiona n'komwe, awa bwanji akundithamangira chonchi?

Yankho lake ndi ndalama. Sindikunena kuti ndi akuba ayi, maphunziro ake ndi enieni ndipo ine anandithandiza. Koma kulowa masters imeneyi n'kosavuta poyerekeza ndi kulowa udokotala, chifukwa amene akulipira ndi iweyo, ndipo masikolashipu ake ndi osowa kwambiri. M'masukulu ena fizi ya chaka chimodzi imaposa madola 50,000, osawerengera nyumba, chakudya ndi inshuwalansi ya chipatala. Pamtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, imeneyo ndi K87 miliyoni ndi kanthu, ndipo nonse mukudziwa kuti dola ya kubankiyo kuti uipeze ndi nkhani ina. Puloti ya amalume singafike ngakhale theka.

Ine ndinalipira ndi ngongole ya boma la America, yomwe amapereka makamaka kwa nzika ndi a green card. Nayonso ngongoleyo yayamba kufinyidwa: lamulo lomwe Purezidenti Donald Trump anasaina mu Julayi 2025 linathetsa ngongole yotchedwa Grad PLUS kwa olowa atsopano kuyambira Julayi 2026, n'kuika malire pa ndalama zomwe wophunzira angabwereke. Ngati eni dziko akulira, nanga mlendo?

Chaka chenichenicho sindichiiwala. Physiology, biochemistry, histology, zonse zikubwera ngati mvula ya Januwale, mayeso pafupifupi sabata iliyonse. Zomwe ku digiri yoyamba tinkaphunzira mwezi wathunthu, kuno zinkatha masiku atatu. Ndinachotsa TikTok pafoni, ukwati wa mnzanga wapamtima ndinauonera pa vidiyo. M'kalasi tonse tinkamwetulirana koma aliyense ankadziwa kuti mnzakeyo akulimbirana naye mpando womwewo.

Apa ndi pomwe pali msampha womwe malonda aja sanena. Mwayi wachiwiriwu ndi womalizanso. Ukalowa ndi 3.2 n'kutuluka masters ndi 3.8, wadzigulira njira. Koma ukatuluka ndi 3.1, wawapatsa osankha umboni woti anachita bwino kukukana, ndipo umboniwo waulipira wekha madola 50,000. Mnzanga wina yemwe tinkawerengera limodzi, mtsikana wolimbikira kuposa ine, bambo ake anadwala pakati pa chaka, iye n'kugwa mayeso awiri. Digiri anaitenga ndithu, koma kusukulu ya udokotala sanalowe. Pano amagwira ntchito mu labu, malipiro ake ndi oti akanawapeza ndi digiri yoyamba ija, ndipo ngongole ikumudikira mwezi ndi mwezi. Masters imeneyi payokha siikupatsa chilolezo chogwira wodwala. Si unesi, si udokotala, si ukatswiri wa mankhwala. Ndi mlatho chabe, ndipo pamlatho sipamangidwa nyumba.

Ine ndinatuluka ndi 3.7. Ndinalembanso MCAT, ndinapeza 510. Ndinafunsira masukulu 24, atatu anandiitana ku intavyu, imodzi inanditenga, ya digiri ya DO. Kuno madokotala ali mitundu iwiri, a MD ndi a DO, onse amayeza odwala, amalemba mankhwala, amapanga maopareshoni, kungoti masukulu a DO amalandirako malikisi otsikirapo pang'ono. Mukaona bwino, ngakhale nditachita zonse zomwe anandiuza, ndinalowera pa kabowo kamodzi mwa 24.

Tibwerere kwa msuweni wanga, yemwe alibe green card, digiri yake ndi ya kumudzi, ndipo angafunike viza ya ophunzira ya F-1.

Masters ikhoza kumulandira. Angafunike kutumiza mapepala ake ku bungwe ngati WES kuti liwayerekeze ndi a kuno, mwinanso kulemba mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS. MCAT ku Malawi salembetsa, ndiye pamafunika tikiti ya ndege, kuwonjezera pa madola oposa 300 a mayesowo. Kuti sukulu imupatse fomu ya I-20 yokafunsira viza, ayenera kuonetsa kuti ndalama za chaka chonse zilipo kale kubanki. Tinene kuti zonsezi zatheka, wabwera, wakhoza bwino kuposa aliyense m'kalasi. Kenako?

Kenako amapeza kuti mwa masukulu a MD oposa 150 a m'dziko muno, omwe amalola mlendo kufunsira malo ndi ochepa, mwina mmodzi mwa atatu alionse, ndipo ena mwa iwo akati mlendo amatanthauza wa ku Canada. Alendo omwe amalowadi pachaka ndi mazana ochepa chabe, dziko lonse la America, ndipo ambiri mwa iwo digiri yoyamba anapangira konkuno. AMCAS siitsimikiza malikisi a mayunivesite a kunja kwa America ndi Canada, ndipo masukulu ambiri amafuna kuti maphunziro a sayansi aja ukhale unawapangira kuno. Ndiye biology ndi chemistry yomwe msuweni wanga anakhetsera thukuta zaka zinayi, ambiri sangaiwerengere. Zoterezi si zatsopano. Kamuzu yemwe uja, ndi MD yake ya ku America, anachita kupitanso ku Edinburgh kukatenga mapepala a Angerezi mu 1941, chifukwa popanda amenewo sakanaloledwa kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain. Dziko lililonse limakhulupirira chidindo chake.

Akapyola zonsezo, pakhomo pali ndalama. Ngongole ya boma mlendo sapatsidwa. Ya kubanki nthawi zambiri imafuna nzika kapena wa green card woti asaine nawo, kuti ukathawa agwire iyeyo. Masukulu ena amauza mlendo kuti asanayambe aike pambali fizi ya chaka chimodzi, ena mpaka ya zaka zonse 4. Tikunena madola mazana a masauzande apa.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha pa Facebook chija sichinaname kwenikweni, chinangosiya kunena kuti akulankhula ndi mwana wa ku Ohio yemwe anagwa organic chemistry, osati wa ku Zomba yemwe anakhoza.

Kwa inu amene muli kale kuno ndi mapepala okhazikika, kapena makolo anu ali nazo ndithu, sindikukuletsani. Kungoti safunsa anadya phula. Sukulu ikakuuzani kuti ophunzira ake ambiri amalowa udokotala, funsani kuti akuwerengera omwe anayamba kapena omwe anamaliza, chifukwa ogwa pakati aja kawirikawiri amasowa m'chiwerengero. Funsani ngati "kulowa" kwawoko akuphatikiza udokotala wa mano kapena masukulu a kuzilumba za Caribbean, komanso ngati ndi chaka chomwecho kapena patapita zaka zitatu. Akakuuzani kuti ali ndi mgwirizano ndi sukulu ya udokotala, werengani bwinobwino. Nthawi zambiri chomwe akulonjeza ndi intavyu ukafika malikisi akutiakuti, osati malo. Ndipo ngati ndinu mlendo, funsani mwachindunji kuti alendo angati omwe anadutsa pamenepo ali kusukulu ya udokotala lero. Akayamba kuzungulirazungulira, mwamva kale yankho. Komanso ngati vuto lanu ndi MCAT yokha, GPA ili bwino, masters simukuifuna. Khalani pansi miyezi inayi, lembaninso mayeso, mwapulumutsa ndalama zonsezo.

Msuweni wanga ndinamufunsa funso limodzi: ukufuna udokotala kapena ukufuna America? Anaseka, n'kuti zonse. Ndinamuuza kuti ngati ndi udokotala, njira yaifupi ili ku Blantyre, makilomita osakwana 70 kuchokera pakhomo pawo. Atsatire zolengeza za KUHeS, aone zomwe akufuna kwa munthu yemwe ali kale ndi digiri ya sayansi, ayesere. Kumeneko odwala aku Queens adzawagwira ndi manja ake akadali wophunzira, matenda omwe anzanga kuno amangowaona m'mabuku. Akamaliza MBBS n'kugwira miyezi yake ya internship, mtima ukadali ku America, pali njira yodziwika: kulembetsa ku ECFMG, kulemba mayeso a USMLE, n'kupikisana nawo pa residency. Si yophweka nayonso, koma ndi yomwe alendo amadutsadi. Dokotala mmodzi mwa anayi alionse ogwira ntchito ku America anaphunzira udokotala kunja kwa dziko lino. Ndipo pa residency umalandira malipiro, sulipira.

Ndinene mosabisa kuti polemba ndime imeneyi mtima ukundigunda, chifukwa Malawi akuwafuna madokotala amenewo kuposa momwe America ikuwafunira, ndipo ine wolankhulane ndili kuno. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo mudzandidzudzule bwino tsikulo.

Ngati chomwe akufuna ndi sayansi yeniyeni, kufufuza malungo kapena TB mu labu, ndiye masters yoyenera ndi ina, ya kafukufuku, ndipo PhD za sayansi kuno zambiri zimakulipirira fizi n'kumakupatsanso kangachepe pamwezi. Mayina amafanana, Biomedical Sciences uku Biomedical Sciences uko, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka.

Mawu anga a mphindi 11 aja anawamvera, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe masiku atatu. Ndinadziwa kuti wakhumudwa, mwinanso amaganiza kuti asisi akwera okha ndiye akuchotsa makwerero. Lamulungu foni inalira, nambala ya amalume.

"Mwanangu, zomwe wamuuza mlongo wakoyu ndamva nawo. Ndiye ukuti ngakhale titagulitsa, sizikwana?"

"Sizikwana amalume. Ngakhale mutagulitsa zitatu."

Anakhala chete kanthawi, ndikumva nkhuku zikulira kumbuyo. Kenako anati wogula anali atabwera kale kawiri kudzaona malo, ndipo amuuza kuti adikire kaye.

Msuweni wanga analemba usiku womwewo. Sanatchule za masters. Anangofunsa ngati mabuku anga a physiology ndikadali nawo, komanso ngati pali munthu amene akubwera kumudzi Disembala woti angamutengereko.